Kuntchito akundipatsa Botox ndi mafuta a kunkhope motchipa, ndilandire?

Funso ili lachokera kwa mchemwali wathu wina wa zaka 34 amene akukhala ku Leeds, ndalifupikitsa pang'ono: "Ndinayamba ntchito pa risepishoni ya kiliniki ina yokongoletsa nkhope miyezi 5 yapitayo. Ogwira ntchito amatichotsera 40 peresenti pa mafuta ndi ma seramu, ndipo Botox amatibaya pa theka la mtengo, pena ulere kumene ngati pali wina akuphunzira kubaya kapena mankhwala atsala m'kabotolo. Anzanga onse anabayitsa, abwana akuti nanenso ndiyese poti makasitomala amayang'ana nkhope ya munthu wa pa desiki. Makwinya ndilibe kwenikweni, chimene chimandisowetsa mtendere ndi madontho akuda amene ziphuphu zinandisiyira m'masayamu. Ndilandire kapena ndikane? Nanga za msonkho zimakhudzidwa?"

Achemwali, zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagone pa bedi paja chifukwa ambiri amabwera kudzafunsa chikope chitagwa kale. Ine ndine namwino wa za khungu kuno ku England, kubaya kumeneku ndimakudziwa bwino, nde sindikuuzani zoti Botox ndi chinthu choopsa choti muzichithawa ayi. Akabaya munthu woyenera, wobayayo n'kukhala wodziwa ntchito, mankhwala ake enieni, nthawi zambiri zimayenda bwinobwino. Nkhawa yanga ili pena. Disikaunti imayenera kudula mtengo wokha basi, koma m'malo ambiri a ntchito imadulanso mwakachetechete zinthu zimene kasitomala wolipira ndalama zonse amapatsidwa osapempha n'komwe, monga kuonedwa kaye ndi munthu wololedwa kulemba mankhwala, kukhala ndi fayilo yake, kupatsidwa nthawi yokaganiza kunyumba, komanso kukhala ndi pokadandaula zikalakwika. Inu mukakhala pa mpando uja muyenera kukhala wodwala ngati wina aliyense, osati wantchito amene akuchitiridwa chifundo pa nthawi ya lanchi.

Koma tiyambe ndi vuto lanu lenileni, poti mwalitchula nokha. Botox sangachotse dontho lakuda olo limodzi. Sagwira ntchito pa khungu n'komwe, amagwira pa mnofu umene uli pansi pa khungulo. Mankhwalawa amachokera ku poizoni wa kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, woyeretsedwa ndi kuchepetsedwa kwambiri, ndipo chimene amachita ndi kutseka uthenga umene mtsempha umatumiza ku mnofu kuti ukokeke. Uthenga ukapanda kufika mnofu uja umangokhala phee, nde tsinya la pakati pa nsidze kapena mizere ya pachipumi imasalala poti palibenso chikupinda khungu. Poyamba sanali mankhwala okongoletsa, ku America anawavomereza mu 1989 pothandiza anthu a maso opingasa ndi a zikope zophethira mosalekeza, ndipo anali dokotala wa maso wa ku Vancouver, Jean Carruthers, pamodzi ndi amuna awo Alastair amene anali dokotala wa khungu, amene anaona kuti odwala awo akusalala pachipumi. Chilolezo cha makwinya chinadzabwera mu 2002. Amayamba kugwira pakapita masiku 3 mpaka 5, kufika penipeni pa masabata awiri, kenako pa miyezi 3 kapena 4 mnofu umadzukanso ndipo mwabwerera pomwe munali.

Nde taganizani, inu muli ndi zaka 34, khungu lakuda, makwinya mulibe. Khungu lathuli limachedwa kuchita makwinya poyerekeza ndi la azungu chifukwa melanin, chimene chimapatsa khungu mtundu wake wakuda, imatitchinjiriza ku dzuwa, chimene chimatisautsa ifeyo ndi madontho, kuthimbirira, khungu la mitundu iwiri, kapena kachiphuphu kamodzi kamene kamapola pa sabata imodzi koma chizindikiro chake n'kukhala miyezi 8. Anzanu a pa ntchitopo mwina ali ndi mizere imene akufuna kuchotsa, zawo zimenezo ndipo sakulakwa. Inu mukabayitsa lero mudzuka mawa madontho aja ali pompo, mwangowonjezera chinthu china choti muzikumbukira miyezi inayi iliyonse. Ena adzakuuzani zobayiratu makwinya asanabwere. Ine kwa munthu wa khungu ngati lanu amene nkhope ikakhala chete palibe mzere ukuoneka, sindimaona chifukwa chothamangira.

Tiyerekeze kuti tsiku lina mwafuna nokha, mwina tsinya layamba kukhazikika ndipo anthu akumakufunsani ngati mwakwiya pomwe muli bwinobwino. Apo disikaunti ndi yabwino ndithu, itengeni, koma pali zinthu zimene simuyenera kulola kuti zidumphidwe. Kuno ku UK Botox ndi mankhwala ochita kulemberedwa, ngati momwe alili maantibayotiki, ndipo n'chifukwa chake lamulo sililola kumutsatsa kwa anthu wamba. Wolemba ayenera kukhala dokotala, dokotala wa mano, kapena namwino ndi wa zamankhwala amene anaphunzira padera zolemba mankhwala, ndipo ayenera kukuonani maso ndi maso, osati pa foni kapena pa WhatsApp. Madokotala lamulo limeneli anali nalo kale, anamwino bungwe lawo la NMC linalikhwimitsa kuyambira 1 June 2025. Nde ngati pa kiliniki panupo wobaya ndi wina, wolemba mankhwala ndi wina amene simunamuonepo, ndipo akungoti "tabwerani tikubayeni kasitomala wa 2 koloko sanabwere", chimenecho si chisomo, adumpha sitepe imene inaikidwa kuti ikutetezeni. Pa kuonana kuja ndi pomwe amafunsa ngati muli woyembekezera kapena mukuyamwitsa, ngati muli ndi matenda ofooketsa minofu monga myasthenia gravis, ngati mukulandira mankhwala ngati gentamicin amene amawonjezera mphamvu ya poizoniyu, kaya pali chilonda pamalo pobayapo. Ndipo apa pali kanthu kena kamene anthu saganizira. Mafunso amenewa akukufunsani ndi abwana anu. Mwina muli ndi mimba ya masabata 6 simunafune kuuza aliyense ku ntchito, mwina pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku amene ndi chinsinsi chanu, kodi mudzayankha zoona? Ndaonapo atsikana akubisa zinthu pa fomu chifukwa choopa kuti mawa ofesi yonse idziwa, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa fomu ija ndiye chitetezo chawo. Funsani kuti fayilo yanu idzasungidwa kuti ndipo angaitsegule ndani, poti inuyo pa risepishoni mukudziwa kale mmene kompyuta ya pamenepo ilili yotseguka kwa aliyense.

Za zotsala m'kabotolo zija ndikanene mosapsatira, musalole. Botox amabwera ngati kaufa kouma m'timabotolo ta mayunitsi 50, 100 kapena 200, amasungunula ndi madzi a mchere a kuchipatala, ndipo opanga ake amati kabotolo kamodzi ndi ka munthu mmodzi, akasungunula kasungidwe mu filiji ndipo kagwire ntchito pasanathe maola 24. Ngati mankhwalawo analembedwa m'dzina la kasitomala wina ndi ake a iyeyo, sayenera kulowa m'thupi mwanu. Tsinya la pakati pa nsidze limadya mayunitsi 20, malo 5 obaya, nde mukuona kuti m'kabotolo ka 50 mumatsala zambiri ndipo kutaya kumawawa, ndi pomwe amakumbukira antchito. Kwa iwo ndi banyira, sawononga kalikonse. Kwa inu ndi mankhwala amene simukudziwa anasungunulidwa liti, ndi madzi ochuluka bwanji, ndipo zikavuta dzina lanu silipezeka paliponse m'mabuku. Pemphani kuona bokosi, dzina lake, nambala ya batchi ndi tsiku lothera ntchito, zilembedwe mu fayilo yanu. Mayina ololedwa kuno alipo angapo, Botox wa kampani ya Allergan imene pano ili pansi pa AbbVie, Azzalure, Bocouture ndi ena, ndipo mayunitsi awo safanana, pamene Botox amabaya 20 Azzalure amabaya 50, nde munthu akamangoti "ndi Botox yemweyo" osatha kutchula dzina lenileni pamenepo mudzuke pa mpando.

Sindikukuopsezani chabe. Chaka cha 2025 m'miyezi ya June ndi July bungwe la boma loteteza anthu ku matenda la UKHSA linalengeza za anthu opitirira 30 kuno ku England amene anadwala botulism, matenda ofoola minofu obwera ndi poizoni yemweyu, atabayidwa zokongoletsa nkhope, oyambirira anali a kumpoto chakum'mawa cha ku Durham uko, ndipo kafukufuku analoza ku mankhwala opanda chilolezo. Zizindikiro zake muzidziwe olo simunabayitse, poti ndinu amene mumayankha foni kasitomala akaimba: kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope kulemera, kulankhula ngati lilime lalemera, kuvutika kumeza, kubanika. Zimatha kuyamba patapita masiku angapo kapena masabata kumene. Munthu wotero si womuuza kuti adikire abwana abwere Lolemba, kumeza kapena kupuma kukavuta ndi kuimba 999 kuitana ambulansi pompo.

Zing'onozing'ono zimene zimachitika kawirikawiri ndi mutu, kutupa pang'ono, kabala ka magazi ogwera m'kati, nsidze imodzi kukwera kuposa inzake, ndiye chija ndatchula poyamba chija, chikope kugwa mankhwala akasefukira ku mnofu wotukula diso. Botox alibe mankhwala omusungunula, izi anthu amasokoneza ndi ma filler a hyaluronic acid, obaya pofuna kudzaza milomo kapena masaya, amene ali ndi jakisoni wake wowasungunula. Chikope chikagwa pali timankhwala todontheza m'maso tothandizako pang'ono, koma kwenikweni ndi kudikira masabata angapo kuti chidzuke chokha, inu muli pa desiki pomwepo mukulandira makasitomala. Zimenezi zimachitika ngakhale kwa akatswiri koma zimachuluka kwa amene dzanja silinakhazikike, nde nkhani yokhala munthu wophunzirirapo ija muiganizire bwino. Aliyense anaphunzirapo pa munthu, inenso ndinatero, palibe cholakwika ngati mphunzitsi waima pambali pomwepo akuyang'ana singano iliyonse, inshuwalansi ikukhudza wophunzirayo, ndipo mwauzidwa poyera kuti uyu akuphunzira. Ku England kuno kwa nthawi yaitali lamulo silinanene kuti wogwira singanoyo akhale ndi maphunziro akutiakuti, munthu amatha kupita kosi ya masiku awiri n'kuyamba kubaya anthu, boma linalengeza mu August 2025 kuti libweretsa malayisensi, ndipo lamulo limene lilipo lolimba ndi la 2021 loletsa kubaya ana osakwana zaka 18. Nde kufufuza ndi kwanu. Mayina a madokotala ali pa kaundula wa GMC, anamwino pa NMC, a mano pa GDC, zonse pa intaneti ulere, komanso kuli Save Face ndi JCCP amene amasunga kaundula wa obaya amene anakwaniritsa zofunikira zawo. Mphindi 5 pa foni yanu zikukwana, paja safunsa anadya phula.

Zithunzinso. Nthawi zambiri zaulerezi malipiro ake ndi nkhope yanu pa Instagram ya kiliniki, chithunzi cha musanabaye ndi mutabaya. Chilolezo chobayidwa ndi china, chilolezo cha zithunzi ndi china, musasayine pepala limodzi lophatikiza zonse, ndipo mufunse kuti mukadzasiya ntchito adzazichotsa kapena ayi. Ife tili ndi abale kumudzi amene amaona chilichonse pa Facebook, mwina inu simungafune kuti apongozi ku Ntcheu akuoneni ndi madontho a peni pachipumi.

Pa ndalama napo tiwerengere limodzi. A NHS, a zipatala za boma kuno, amati mtengo wa kubaya kamodzi umayambira cha m'ma £100 kufika £350. Tinene kuti pa kiliniki panu ndi £240, inu mukulipira £120, katatu pa chaka ndi £360 pa chinthu chimene musanayambe ntchitoyi simunkachifuna n'komwe. Mukadzachoka pamenepo mutazolowera chipumi chosalala ndi £720 pa chaka. Mukasiya nkhope siiwonongeka ayi, limenelo ndi bodza, imangobwerera mwakale, koma maso anu amakhala atazolowera zina ndipo ambiri amapitiriza.

Tsopano kumene disikaunti yanu ingakupindulireni zenizeni ndi ku shelefu ya mafuta kuja, bola musagule chilichonse poti chatchipa. Choyamba pa zonse ndi mafuta oteteza ku dzuwa, SPF 30 kupita m'mwamba, m'mawa uliwonse olo kunja kuli mitambo ya ku Leeds ija. Ndikudziwa ambiri a ife timati wakuda sapsa ndi dzuwa, koma dontho lakuda lililonse limadetsedwa ndi kuwala, mungapake seramu ya £90 usiku uliwonse koma ngati masana nkhope ili pamtunda mukutunga madzi ndi dengu. Sankhani amene ali ndi kamtundu ka bulauni, okhala ndi iron oxide, chifukwa amatchinganso kuwala wamba kumene kumadetsa khungu lathu ndipo sasiya nkhope yotuwa ngati mwadzola phulusa. Poti mudzipaka zimenezi tsiku lililonse musaiwale vitamini D, a NHS amalangiza anthu a khungu lakuda kumwa ma microgram 10 patsiku chaka chonse. Chachiwiri ndi kuletsa ziphuphu zatsopano, poti chiphuphu chilichonse ndi dontho la mawa, ndipo chonde manja achoke kunkhope, kufinya kuja ndi kumene kumasiya zipsera. Azelaic acid ndimamukonda kwambiri pa khungu lathu chifukwa amagwira zonse ziwiri, ziphuphu ndi madontho, niacinamide nayenso amathandiza ndipo savuta. Retinol kapena tretinoin wochita kulemberedwa amagwira ntchito ndithu koma muyambe pang'onopang'ono, kawiri pa sabata usiku, kochepa ngati nsawawa imodzi nkhope yonse, chifukwa khungu lakuda likanyerenyetsa ndi kusupuka limayankha ndi kuda kwambiri, ndipo ngati muli ndi mimba kapena mukuifuna amenewa asiyeni. Musayembekezere kusintha pasanathe miyezi iwiri kapena itatu. Zinthu zitatu kapena zinayi zakwana, sikuti mpaka mabotolo 10.

Pa shelefu yomweyo pangakhale mafuta okhala ndi hydroquinone wa 4 peresenti, ngati ena a Obagi. Amenewo kuno ndi mankhwala ochita kulemberedwa, m'mafuta wamba a m'shopu analetsedwa kalekale, ndipo amapakidwa kwa miyezi yochepa moyang'aniridwa kenako n'kupumira. Kuwapaka chaka ndi chaka kumabweretsa ochronosis, kuda kwa bii kokhala ngati kwabuluu m'masaya kumene sikuchoka, tonse tinawaonapo amayi otere m'misika ya kwathu amene anayamba ndi mafuta oyeretsa khungu, enanso khungu linapyapyala ndi ma steroid a m'machubu ngati Movate. Ndiye poti mwayamba kupeza zinthu motchipa, mauthenga ayamba kubwera, "achemwali munditumizireko aja oyeretsa aja". Sunscreen atumizireni ndi mtima wonse ngati malamulo a disikaunti yanu akulola kugulira abale, koma ochita kulemberedwawo ayi, simunaone khungu lawo, simudziwa ngati ali ndi pakati. Muwerengenso pepala la malamulowo chifukwa malo ambiri kugula pa mtengo wa antchito n'kukagulitsa ndi mlandu wochotsetsa ntchito. Akakuuzaninso za laser (makina owalitsa kuwala kwamphamvu pa khungu) kapena ma peel (mankhwala osupula khungu la pamwamba) pa mtengo wotsika, funso ndi limodzi, munachitapo anthu angati a khungu ngati langa, ndionetseni. Makina ena a kuwala otchedwa IPL amatha kuwotcha khungu lakuda, laser imene imatiyanja ndi yotchedwa Nd:YAG ya 1064 nm, ndipo ayese kaye pa kamalo kobisika.

Za msonkho sizovuta kwambiri. A HMRC, bungwe lotolera msonkho kuno, sayang'ana mtengo wa pa shelefu, amayang'ana ndalama zimene abwana anawononga kuti chinthucho chifike kwa inu, mfundo imeneyi inakhazikika pa mlandu wa Pepper v Hart mu 1992 wa aphunzitsi amene ana awo ankaphunzira motchipa pa sukulu yomwe ankaphunzitsa. Nde ngati zimene mukulipira zikufika pa mtengo umene kiliniki inagulira, nthawi zambiri palibe msonkho. Zikakhala zaulere kapena pansi pa mtengo wogulira, kusiyanako kungawerengedwe ngati phindu la pa ntchito n'kuoneka pa fomu ya P11D kapena pa payslip, kupatula timphatso tosapitirira £50 timene sitili mu kontirakiti komanso si malipiro a ntchito imene mwagwira. Funsani amene amakonza malipiro, ndi funso wamba. Chimene muyang'anitsitse ndi chakuti akamati "tidzadula ku malipiro", lamulo la Employment Rights Act 1996 limafuna kuti zikhale mu kontirakiti kapena mwavomera molemba zisanachitike, ndipo muone ngati palibe mzere wonena kuti mukachoka msanga mudzabweza mtengo wonse wa zimene munabayidwa.

Mawu a abwana aja oti makasitomala amayang'ana nkhope ya wa pa desiki ndi amene andikhudza kwambiri m'kalata yanu. Mwina sananene ndi mtima woipa, m'ntchito imeneyi anthu amalankhula choncho osaganiza, koma inu anakulembani ntchito yolandira anthu, kusunga buku ndi kuyankha foni, ndipo palibe bwana amene angakukakamizeni kulandira mankhwala m'thupi mwanu. Ndikudziwa mmene zimavutira kukana uli mlendo m'dziko la eni, miyezi 5 yokha pa ntchito, anzako onse anavomera, ndipo ife tinaleredwa kuti wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri. Simukuyenera kukangana nawo. Mungoti zikomo kwambiri, pakali pano ndikufuna ndithane kaye ndi madonthowa, mungandithandize kusankha sunscreen ndi azelaic acid? Mwawapatsa ulemu wawo ngati katswiri, mwagwiritsa ntchito disikaunti, singano simunalandire. Akapitiriza kukakamiza, kapena mukaona mashifiti akuchepa chifukwa munakana, muzilemba tsiku ndi mawu amene ananena, kenako imbirani a ACAS, bungwe lolangiza pa nkhani za pa ntchito, kapena pitani ku Citizens Advice, onsewa amalangiza ulere.

Jambulani masaya anuwo lero pafupi ndi windo, opanda zodzola, mudzajambulenso pamalo omwewo pakatha miyezi itatu mukupaka sunscreen m'mawa uliwonse ndi azelaic acid madzulo. Ngati ziphuphu zikutulukabe zatsopano kapena madontho sakusuntha, pitani kwa GP wanu, dokotala amene munalembetsa kwa iye, akuoneni, pali mankhwala amphamvu amene angakulembereni pa NHS, ndipo mudzandilemberenso mundiuze mmene zayendera.